Kusintha kachingidwe ka timu ya mpira

Mukamaonera mpira pa bwalo la ku Fíngoè kapena pa TV, mumamva anthu akuchula 4-4-2 kapena 3-4-3. Manambala amenewa ndi osavuta. Yoyamba ndi ya ochinga kumbuyo, yaciwiri ndi ya osewera pakati, yomaliza ndi ya akutsogolo. Goloboyi sawerengedwa. Mukaphatikiza zonse mupeza 10.

Timu ikamamwa zigoli zambiri, mphunzitsi angathe kusintha nambala yoyamba ija. Ndi zimene anacita Antonio Conte ku Chelsea, timu ya ku England. Mu September 2016 Chelsea inagonja 3-0 kwa Arsenal. Pamenepo Conte anasiya kuika anthu 4 kumbuyo, n'kuika atatu: César Azpilicueta, David Luiz ndi Gary Cahill. Kenako timuyo inapambana masewero 13 a ligi motsatizana, ndipo mu 2017 inatenga cikho.

Mwina mukuti, anthu atatu angachinge bwanji kuposa anayi? Nkhani ili m'mbali mwa bwalo. Kumanja kunali Victor Moses wa ku Nigeria, kumanzere Marcos Alonso. Chelsea ikakhala ndi mpira, awiriwa ankathamangira kutsogolo. Mpira ukalandidwa, ankabwerera msanga, ndiye kumbuyo kumakhala anthu asanu. Moses poyamba anali wosewera kutsogolo. Nchito yochinga anacita kuiphunzira.

Tsono ngati muli ndi timu pamudzi panu, yambani mwaona miyendo ya anyamata anu. Kodi alipo awiri amene angathamange uku ndi uku mphindi 90, padzuwa la mu October? Ngati palibe, musayese dala. Adani adzangodutsa m'mbalimo, atatu aja n'kutsala pakati ali kakasi.

Ngakhale ku America, kumene kuli mpira wina wonyamula m'manja, vuto ndi lomweli. Kumeneko amati 4-3 ndi 3-4, ndipo nambala yoyamba ndi ya amuna amphamvu a mzere wakutsogolo. Timu yofuna 3-4 imayenera kupeza munthu wamkulu thupi kwambiri woima pakati pa atatuwo.

Cinanso, musasinthe pa tsiku la masewero. Yesererani kaye masabata angapo. Wapakati mwa atatu aja akhale wodziwa kulankhula, cifukwa ndiye amaona bwalo lonse. Iye ndi amene amakuwa kuti "Bwerera!" kapena "Gwira uyo!" mpira usanafike.