Maphunziro a unamwino ku Zimbabwe: zimene magiredi olowera amalosera kwa ana a m'maesiteti a tiyi

Chaka chilichonse achinyamata ambirimbiri a m'dziko la Zimbabwe amalembera malo ku sukulu za unamwino, koma malo amene alipo ndi ochepa zedi. Pofuna kusankha oyenera, unduna wa za umoyo umayamba wayang'ana zotsatira za mayeso a Fomu 4, omwe amatchedwa O Level. Maganizo ake ndi akuti amene adakhoza bwino ku sekondale adzakhozanso pa maphunziro a unamwino. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana amasonyeza kuti maganizowa ali ndi choonadi, koma ali ndi malire. Malirewo amaonekera poyera m'madera ngati chigwa cha Honde ndi boma la Chipinge, m'chigawo cha Manicaland, komwe m'makomboni a maesiteti a tiyi mukukhala mabanja ambiri a anthu omwe makolo awo adachokera ku Malawi ndi ku Mozambique.

Zofunika kuti munthu alowe

Maphunziro a namwino wamkulu, amene amadziwika ndi chidule chakuti RGN, amatenga zaka zitatu, ndipo amachitikira m'sukulu zomwe zili pa zipatala za boma ndi za mishoni. Wophunzira amakhala nthawi ina m'kalasi, nthawi ina m'mawodi momwe amasamalira odwala moyang'aniridwa. Akamaliza amayenera kulembetsa ku bungwe la Nurses Council of Zimbabwe asanayambe ntchito. M'chigawo cha Manicaland, zina mwa zipatala zimene zakhala zikuphunzitsa anamwino ndi chipatala chachikulu cha mu mzinda wa Mutare, chomwe tsopano chimatchedwa Victoria Chitepo, chipatala cha mpingo wa Anglican ku Bonda m'boma la Mutasa, cha Mutambara m'boma la Chimanimani, ndi cha Mount Selinda kufupi ndi minda ya tiyi ya ku Chipinge.

Kwa zaka zambiri wofuna malo ankayenera kukhoza maphunziro asanu a O Level ndi giredi C kapena kuposa apo, ndipo mwa asanuwo munkafunika kukhala Chingerezi, masamu ndi phunziro limodzi la sayansi. Ankayeneranso kukhala atakhoza zonsezi polemba mayeso kosapitirira kawiri, ndiponso kukhala wa zaka zapakati pa 17 ndi 30. M'chaka cha 2019 boma lidayambitsa njira yolembera malo pa intaneti, pofuna kuthana ndi ziphuphu zomwe anthu ankadandaula nazo. M'chaka cha 2024 unduna wa za umoyo, motsogozedwa ndi Dr Douglas Mombeshora, udachotsa masamu pa mndandanda wa maphunziro okakamiza. Ganizoli lidadzutsa mtsutso. Ena adati litsegulira khomo ana a kumidzi, pamene ena adati namwino wosadziwa masamu angathe kuika moyo wa wodwala pachiswe.

Zimene kafukufuku amasonyeza

Kafukufuku wochuluka pa nkhaniyi wachitikira ku United States, komwe wofuna unamwino amayamba watenga maphunziro okonzekera, monga a kapangidwe ndi kagwiridwe ntchito ka thupi la munthu, a tizilombo toyambitsa matenda ndi a kemisitiri. Sukulu zambiri kumeneko zimalembetsanso mayeso olowera monga TEAS ndi HESI, ndipo womaliza maphunziro amalemba mayeso a dziko lonse otchedwa NCLEX kuti apatsidwe chilolezo chogwira ntchito.

Mfundo imene imabwerabwera pa kafukufuku wotere ndi yakuti magiredi a maphunziro a sayansi ndiwo amagwirizana kwambiri ndi mmene wophunzira amachitira m'chaka choyamba. Luso lowerenga ndi kumvetsa chinenero chophunzitsira nalo limaoneka kukhala lofunika. Mayeso a mafunso apakamwa paokha salosera bwino zotsatira za m'kalasi, makamaka ngati ofunsa alibe ndondomeko imodzi yopatsira malikisi.

Komabe kulosera kumeneku kumafooka maphunziro akamapita patsogolo. Wophunzira akalowa m'wodi, zinthu zina zimayamba kulemera: kupirira ntchito ya usiku, kumvera malangizo, kulankhula bwino ndi wodwala ndi abale ake. Ambiri osiyira panjira amachoka kaamba ka kusowa ndalama, matenda kapena mavuto a kunyumba, zomwe satifiketi ya Fomu 4 singathe kuoneratu. Ku England, lipoti la Robert Francis la m'chaka cha 2013, lokhudza kusasamalidwa kwa odwala pa chipatala cha Stafford, lidachititsa kuti sukulu za unamwino ziyambe kuyang'ananso khalidwe ndi chifundo cha olembera malo, kuwonjezera pa magiredi.

Palinso vuto lina limene akatswiri a kafukufuku amalidziwa bwino. Munthu amene wakanidwa malo saonekanso m'kaundula wa sukuluyo, choncho palibe njira yodziwira kuti akadatengedwa akadachita bwanji. Ziwerengero zimangokamba za amene adadutsa pakhomo.

Kumene ana a m'maesiteti amatsalira

Ulimi wa tiyi ku Chipinge udayamba m'zaka za m'ma 1920 pa esiteti ya New Year's Gift, ndipo kampani ya Tanganda idakula n'kukhala ndi minda ina monga Ratelshoek, Jersey ndi Zona. M'chigwa cha Honde, maesiteti monga Aberfoyle ndi Eastern Highlands adabwera pambuyo pake. M'nthawi ya atsamunda, minda ndi migodi ya ku Southern Rhodesia inkadalira anthu ochokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique. Ambiri a ku Nyasaland ankapita kudzera m'bungwe lolemba anthu ntchito lomwe ku Malawi linkadziwika kuti Mthandizi. Ena adakwatira komweko ndipo sadabwererenso kwawo. Zidzukulu zawo zidabadwira m'makomboni ndipo zimalankhula Chindau kapena Chimanyika, zina pamodzi ndi Chichewa cha agogo awo.

Kwa mwana wa wothyola tiyi, kusefedwa kumayamba kutali asanaone fomu ya unamwino. Chopinga choyamba ndi mapepala. Lamulo la unzika lomwe lidasinthidwa m'chaka cha 2001 lidasiya ana ambiri a anthu obwera opanda unzika wodziwika. Malamulo aakulu a dziko a m'chaka cha 2013 adabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe omwe kholo lawo linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, koma kupeza kalata ya kubadwa kumakhalabe kovuta ngati makolo nawonso analibe zitupa. Bungwe la Amnesty International, m'lipoti lake la m'chaka cha 2021, lidafotokoza mmene ana otere amavutikira kulembetsa sukulu ndi mayeso. Bungwe la United Nations loona za othawa kwawo lidayerekezapo kuti anthu pafupifupi 300,000 m'dzikomo ali pa chiopsezo chokhala opanda dziko.

Chopinga chachiwiri ndi mayeso enieniwo. Malinga ndi bungwe loyendetsa mayeso la ZIMSEC, mwa ophunzira 100 aliwonse amene adalemba maphunziro asanu kapena kuposa apo m'chaka cha 2023, pafupifupi 29 okha ndiwo adakhoza asanu ndi giredi C kapena kuposa. M'chaka cha 2024 chiwerengerochi chidafika pa 33. Izi ndi za dziko lonse, kuphatikizapo sukulu zogonera komweko zokhala ndi zipangizo zokwanira. Sukulu zambiri zoyendera za kumidzi zilibe labotale, ndipo aphunzitsi a masamu ndi sayansi sakhalitsa. Popeza mayeso amalipiridwa pa phunziro lililonse, banja lodalira malipiro a m'munda wa tiyi nthawi zina limangolembetsa maphunziro ochepa, ena n'kudikira chaka chamawa. Lamulo lakuti munthu asalembe kopitirira kawiri linkagwa molemera pa mabanja otere, chifukwa silinkasiyanitsa wobwereza kaamba kolephera ndi wolemba pang'onopang'ono kaamba ka umphawi.

Motero giredi C ya mwana wa m'komboni ndi giredi C ya mwana wa pa sukulu yotchuka sizinena chinthu chimodzi. Giredi imayeza mwana, komanso imayeza sukulu imene adaphunzirako ndi thumba la makolo ake.

Nkhani ya masamu

Amene amafuna kuti masamu akhalebe okakamiza ali ndi mfundo yomveka. Namwino amawerengera mankhwala tsiku ndi tsiku. Ngati dokotala walemba kuti mwana amwe mamiligalamu 250, ndipo botolo likuti m'mamililita 5 muli mamiligalamu 125, namwino ayenera kudziwa mosazengereza kuti apereke mamililita 10. Kulakwitsa kadontho kamodzi pa nambala kungachulukitse mankhwala kakhumi. Chimodzimodzinso powerengera madontho a diripi.

A mbali inayo amati masamu a m'wodi ndi a kugawa, kuchulukitsa ndi kusintha miyeso, pamene mayeso a O Level ali ndi zigawo zambiri zimene namwino sadzazigwiritsa ntchito. Njira imene sukulu zina za kunja zimatsata ndi kuphunzitsa kawerengedwe ka mankhwala mkati mwa maphunziro, kenaka n'kulembetsa mayeso apadera omwe wophunzira ayenera kukhoza ndi malikisi apamwamba kwambiri asanaloledwe kupereka mankhwala.

Kukhoza ndi kukhalitsa

Funso la amene adzakhoze mayeso ndi losiyana ndi la amene adzakhale pa chipatala cha kumudzi. M'chaka cha 2022 bungwe loyang'anira ogwira ntchito za umoyo m'Zimbabwe lidati madokotala ndi anamwino oposa 4,000 adachoka kuyambira mu 2021, ambiri kupita ku Britain ndi maiko ena. M'chaka cha 2023 bungwe la World Health Organization lidaika Zimbabwe, pamodzi ndi Malawi, pa mndandanda wa maiko 55 omwe akusowa kwambiri ogwira ntchito za umoyo. Vutoli si lachilendo. M'zaka za m'ma 2000 boma la Zimbabwe lidayambitsa maphunziro a miyezi 18 a anamwino otchedwa Primary Care Nurse, n'cholinga chakuti zipatala zazing'ono za kumidzi zisakhale zopanda anthu.

Malangizo a World Health Organization a m'chaka cha 2010, omwe adaunikidwanso mu 2021, amalimbikitsa maiko kuti azipereka malo mwadala kwa ophunzira okulira kumidzi, chifukwa umboni umasonyeza kuti iwowa ndiwo amabwerera kukagwira ntchito kumadera otere. Pa chipatala cha Hauna m'chigwa cha Honde, kapena pa kiliniki ya pa esiteti ku Chipinge, namwino wodziwa chinenero cha wodwala amamva msanga chimene chikumupweteka. Luso limeneli sililembedwa pa satifiketi, ngakhale kuti malamulo a 2013 amazindikira Chichewa ndi Chindau pakati pa zinenero 16 za dzikolo.

Nkhaniyi ikukhudzanso madera a tiyi a ku Malawi. Makoleji monga a Mulanje Mission ndi Malamulo ku Thyolo amasankha ophunzira potengera zotsatira za MSCE, makamaka za maphunziro a sayansi, ndipo ana a m'maesiteti oyandikana nawo amakumana ndi zopinga zofanana ndi za abale awo a ku Manicaland. M'maiko onse awiri, magiredi a sayansi ndi Chingerezi amathandiza kudziwa amene angafunike chithandizo chowonjezera m'chaka choyamba, ndipo kusankha koyenera kumafuna kuti aunikidwe pamodzi ndi sukulu imene mwana adachokera ndi dera limene likudikira namwinoyo.