Kupopera penti wonyezimira pa tigalimoto: luso, chiperoni ndi vuto la mtovu

M'midzi ya antchito a m'minda ya tiyi ku Thyolo, galimoto yoyamba imene mwana amakhala nayo ndi ya mawaya. Amaipinda yekha, matayala n'kudula ku patapata wakutha, chiwongolero n'kukhala waya wautali wofika m'chiuno. Zimene amatengera ndi zomwe amaona tsiku ndi tsiku: mathirakitala okoka ngolo za masamba, malole opita ku Limbe ndi maminibasi a pamsewu wa Muloza. Luso limeneli lidadziwika kunja kudzera m'buku la ana lotchedwa Galimoto, limene Karen Lynn Williams adatulutsa mu 1990 atakhalako ku Malawi.

Kumaiko ena, kupanga tizifanizo ta magalimoto, ndege ndi sitima ndi ntchito ya akuluakulu, ndipo ili ndi malamulo ake. Lalikulu ndi la mlingo. Kachifanizo ka mlingo wa 1:24 kamachepa ka 24 poyerekeza ndi chinthu chenichenicho, choncho galimoto yotalika mamita 4.8 imasanduka ya masentimita 20. Ndege zambiri amazipanga pa 1:72. Kampani ya ku Britain ya Airfix, yodziwika ndi tizifanizo ta pulasitiki tolumikiza wekha, idayamba ntchitoyi mu 1949 ndi thirakitala ya Ferguson TE20.

Mlingowu ndi umene umavutitsa pa nkhani ya penti. Penti wokhuthala gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita saoneka pachitseko cha nyumba, koma pakandege ka 1:72 akufanana ndi mamilimita 7 pa ndege yeniyeni. Amakwirira tizitseko, timizere ndi timisomali tonse, ndipo mizere ya burashi imaoneka ngati mizere ya m'munda. N'chifukwa chake akatswiri amasankha kupopera.

Kachipangizo kopopera

Kachipangizoka kamatchedwa airbrush. N'kofanana ndi mfuti yopopera penti imene amisiri owongola magalimoto amagwiritsa ntchito m'magalaja, koma kukula kwake ndi ngati cholembera. Mpweya wochokera mu kompuresa umadutsa mothamanga pakamwa pake, n'kukoka penti ndi kumumwaza ngati nkhungu. M'kati muli singano yotseka kabowo kamene nthawi zambiri kamakhala pakati pa mamilimita 0.2 ndi 0.5. Pa mtundu umene ambiri amakonda, kudina kabatani kumatulutsa mpweya, kukakokera m'mbuyo kumatsegulira penti.

Chiyambi chake ndi ku America, kumene Abner Peeler adapanga kachipangizo koyamba mu 1879, ndipo Liberty Walkup adakagula n'kukakonzanso. Charles Burdick adasamukira ku London mu 1893 ndi mtundu wake wa Aerograph. Kwa zaka zambiri ntchito yake yaikulu idali yokonza zithunzi zojambulidwa ndi kamera.

Penti wa enamel

Penti amene opanga tizifanizo amamutcha enamel ndi m'bale wa penti wa mafuta wonyezimira uja wa pazitseko, mafelemu a mawindo ndi zikwangwani za magolosale ku Bvumbwe ndi ku Luchenza. Kusiyana n'kwakuti wa tizifanizo amaperedwa mosalala kwambiri ndipo amagulitsidwa m'tizitini ta mamililita 14, monga ta Humbrol, kampani imene idayambira mumzinda wa Hull mu 1919.

Chofunika kumvetsa n'chakuti pentiyu amauma kawiri. Poyamba, thina amauluka, ndipo patatha maola angapo pamwamba pamaoneka pouma. Kenaka utomoni wa m'pentimo umagwirana ndi mpweya wa okosijeni n'kuyamba kulimba pang'onopang'ono, kuchokera pamwamba kutsikira pansi. Gawo lachiwirili limatenga masiku, mwina sabata kapena kupitirira. Zolakwika zambiri zimachokera pa kusadikira. Chala chimasiya chidindo pa penti amene amaoneka wouma, ndipo munthu akapoperanso pamwamba pa penti wolimba theka, thina watsopano amafewetsa wapansiyo, pamwamba ponse n'kuchita makwinya ngati khungu la nkhalamba.

Kuchedwa komweko ndiko kumabweretsa kunyezimira. Penti akakhala wamadzi kwa kanthawi, timadontho timasungunukirana n'kuyala bwino ngati madzi m'mbale. Penti wa madzi wa akiriliki amauma msanga, fungo lake n'lochepa, koma kuti afike pa kuwala kwa enamel amafuna vanishi pamwamba.

Popopera, penti amasungunulidwa mpaka atapepuka ngati mkaka. Ambiri amayambira pa muyeso umodzi wa penti ndi umodzi wa thina, n'kumasintha poona mmene akutulukira. Mphamvu ya mpweya imakhala pakati pa 15 ndi 25 psi, dzanja lili pa mtunda wa masentimita 10 kapena 15. Koyamba amawaza mopyapyala kuti penti agwire. Komaliza amapopera monyowa, n'kulekeza pamene pangotsala pang'ono kuti penti ayambe kuyenderera. Akaima patali kapena penti akakhuthala, pamwamba pamatuluka tizibowo ngati khungu la lalanje. Akayandikira kwambiri, penti amatsetsereka ngati misozi.

Thina nayenso ali ndi mitundu. Wa enamel ndi tepentaini wa m'mashopu a zomangira, amene pabotolo amalembedwa kuti white spirit kapena mineral turpentine. Thina waukali wa penti wa magalimoto amadya pulasitiki. Parafini amachedwetsa kuuma ndipo amazimitsa kuwala, pomwe petulo, amene ena amathira pofuna kupulumutsa ndalama, angathe kuyatsa nyumba.

Nyengo ya ku Thyolo

Nyengo imene imakometsa tiyi ndi mdani wa penti wonyezimira. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumagwa chiperoni, mvula yamawawa yodza ndi nkhungu ndi mphepo yozizira kuchokera kum'mwera chakum'mawa. Dzinali lidachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Kuzizira kumachedwetsa kulimba kwa utomoni, moti penti amene akadauma pofika madzulo amakhala akumatabe mawa lake. Chinyezi chimatera pa penti wosauma n'kusiya chifunga chotuwa, kuwala konse n'kutha.

Vuto lina limabisala mu kompuresa. Mpweya wachinyezi ukapanikizidwa n'kuzizira m'paipi, umasanduka madzi, ndipo dontho limodzi likalavulidwa pa penti wa mafuta limasiya kachibowo. N'chifukwa chake pamafunika kabotolo kotchera madzi pakati pa kompuresa ndi airbrush, komanso kukhuthula thanki tsiku lililonse. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala chinyezi chimachepa koma fumbi ndi phulusa la moto wa m'tchire zimachuluka. Mankhwala ake ndi akale: kuwaza madzi pansi musanayambe, kenaka kuvundikira kachifanizoko ndi katoni yoyera, yoboola pang'ono m'mbali kuti mpweya uzilowa. Nthawi yabwino ndi chakumasana, mame atauma, osati madzulo pamene nkhungu ikutsika m'mapiri.

Kwa amene amapanga tigalimoto ndi zidutswa za malata, pali chinanso. Penti wa mafuta sagwirizana ndi zinki wokutira malata. Pakapita miyezi amasupuka ngati khoko. Pamafunika penti woyambira wa malata, kapena kugwiritsa ntchito zitini wamba zokhulidwa ndi sandipepa.

Mtovu ndi utsi

Apa ndi pamene nkhani ya zoseweretsa imasanduka ya umoyo. Airbrush ndi tizitini ta kunja n'zodula ndipo sizipezeka wamba, choncho penti amene amafika pa kagalimoto ka mwana nthawi zambiri ndi wotsala m'chitini atapenta chitseko. Kwa zaka zambiri, opanga penti wa mafuta m'maiko ambiri akhala akuthiramo mtovu kuti mtundu uwale ndi kuti aume msanga. Mitundu imene imakhala ndi wochuluka ndi yachikasu, yofiira, yalalanje ndi yobiriwira, yomwenso ana amaikonda.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza. Mtovu umaononga ubongo wa mwana amene akukula, umachepetsa nzeru ndi kumva m'kalasi, ndipo zimene waononga sizibwerera. Mwana saoneka wodwala. Amangonyambita zala, kuluma chidole kapena kupuma fumbi la penti wosupuka. Malire amene mabungwe a United Nations amalimbikitsa ndi magawo 90 pa miliyoni. Kafukufuku amene bungwe la Lead Exposure Elimination Project lidachita m'dziko muno cha mu 2021 adapeza mtovu wopitirira malirewo mu penti wa mafuta woposa theka mwa amene adayezedwa. Bungwe la Malawi Bureau of Standards lidalonjeza kukhwimitsa malamulo, ndipo opanga penti ena adasintha kapangidwe kawo. Komabe chitini chakale chimene chili kuseri kwa chitseko sichidasinthe, ndipo mtovu sungadziwike ndi maso kapena fungo. Penti wopaka chidole ayenera kukhala wa chitini chatsopano cholembedwa kuti mulibe mtovu.

Kupopera kumawonjezera chiopsezo chimene burashi ilibe, chifukwa penti amasanduka nkhungu yolowa mpaka m'mapapo. Utsi wa thina umapweteketsa mutu, umachititsa chizungulire ndipo umayaka msanga. Kansalu kapakamwa kapena masiki a kuchipatala sizitsekereza utsi umenewu. Pamafunika chophimba mphuno chokhala ndi zosefera za makala, zopangidwira utsi wa penti. M'nyumba zing'onozing'ono za m'maesiteti, mmene mbaula, nyale ndi pogona ana zimakhala moyandikana, si mopoperera. Ntchitoyi ndi ya pakhonde kapena m'shedi yotseguka, mphepo ikuchokera kumsana, ana ndi amayi oyembekezera ali kutali.

Pomaliza ntchito, airbrush imatsukidwa nthawi yomweyo ndi tepentaini, singano n'kuisolola ndi kuipukuta, chifukwa enamel akalimbira m'kabowo ka mamilimita 0.3 sasungunukanso mosavuta. Tepentaini wotsukirayo asatayidwe m'ngalande yopita kumtsinje. Akasungidwa m'botolo lotseka kwa masiku angapo, matope a penti amakhala pansi, ndipo wapamwambayo amatsukiranso ulendo wina.