Enoch Dumbutshena: Phungu Amene Anakhala Woweruza

Kumwera kwa mzinda wa Harare kuli malokeshoni awiri akale, Mbare ndi Highfield. Kale mzinda wonse unali kuchedwa Salisbury, ndipo dzina lakuti Harare linali la lokeshoni imene lero ichedwa Mbare. Mainawo anasinthidwa m'caka ca 1982. Anthu ambiri a ku Nyasaland ndi a ku Northern Rhodesia amene anapita kumeneko kukafuna nchito anagona m'nyumba za m'malokeshoniwo, ndipo iwo pamodzi ndi eni dziko anadziwa lamulo mwa njira imodzi: linali kufika usiku, kugogoda pa citseko ndi kufunsa citupa.

M'malokeshoni omwewo ndimo munabadwira ndale za anthu akuda. Pa 12 Sepitembala 1957 cipani ca African National Congress ca ku Southern Rhodesia cinakhazikitsidwa m'holo ya Mai Musodzi. M'mwezi wa Febuluwale 1959 Boma linaciletsa, ndipo anthu mazana anatsekeredwa osazengedwa mlandu. M'caka ca 1960 kunadza lamulo la Law and Order (Maintenance) Act, loopsa kotero kuti Sir Robert Tredgold, mkulu wa oweruza a Citaganya, anatula pansi udindo wace posonyeza kukana. Nkhani ino ndi ya munthu amene anaona zonsezi, ndipo patapita zaka makumi awiri anakhala pa mpando wa ciweruzo.

Bambo Enoch Dumbutshena anabadwa pa 25 Epulo 1920. Poyamba anali mphunzitsi, pambuyo pace anayamba kulemba m'manyuzipepala. Za malamulo anaziyamba atakula kale: anapita ku London, nalandiridwa kukhala loya ku Gray's Inn m'caka ca 1963, ali ndi zaka 43. Masiku amenewo maloya akuda anali owerengeka. Woyamba, Bambo Herbert Chitepo, pofuna malo a nchito pakati pa Salisbury, anayamba wadikira kuti lamulo logawa malo pakati pa Azungu ndi anthu akuda lisinthidwe. Boma la Bambo Ian Smith litadzilengeza lokha kuti ndi laufulu m'caka ca 1965, Bambo Dumbutshena sanakhalitse m'dzikomo. Anaolokera ku Zambia, kumene anagwira nchito ya uloya zaka zambiri. M'caka ca 1975 anatulutsa buku lochedwa Zimbabwe Tragedy.

Uphungu wao unali wa nthawi yocepa. Pa masankho a Epulo 1979, nkhondo ya kuthengo ili m'kati, anthu akuda anapatsidwa mipando 72 mwa mipando 100 ya m'Nyumba ya Malamulo. Cipani ca UANC ca Bishopu Abel Muzorewa cinatenga mipando 51, ndipo umodzi mwa iyo unali wa Bambo Dumbutshena. M'mwezi wa Juni iwo, pamodzi ndi Bambo James Chikerema, Bambo Stanlake Samkange ndi ena, anapatukana ndi Bishopu nayambitsa Zimbabwe Democratic Party. Koma maiko sanalivomereze Boma limenelo. Kunacitika msonkhano wa ku Lancaster House, ndipo pa masankho a Febuluwale 1980 cipani cao catsopano sicinapeze mpando ndi umodzi womwe.

Mbendera ya Zimbabwe inakwezedwa pa 18 Epulo 1980 m'bwalo la Rufaro ku Mbare. M'caka comweco Boma la Bambo Robert Mugabe linasankha Bambo Dumbutshena kukhala woweruza wa Bwalo Lalikulu la Milandu, munthu wakuda woyamba kulandira udindo umenewo. Nchito ya phungu ndi ya woweruza nzosiyana. Phungu alankhulira anthu amene anamtuma, ndipo aimira mbali imodzi. Woweruza alibe mbali: amvera mboni za uku ndi uku, napima mau ao ndi lamulo. Funso linali lakuti, kodi munthu wocokera m'ndale angathe kuvula malaya a cipani pakhomo pa bwalo?

Yankho linadza ndi mlandu wa Thornhill. Pa 25 Julayi 1982 adani analowa usiku m'bwalo la ndege za nkhondo la Thornhill pafupi ndi Gweru, naononga ndege 13. Dziko linakwiya kwambiri. Akulu-akulu asanu ndi mmodzi a gulu la ndege za nkhondo, onse Azungu, anagwidwa; wamkulu wao anali Air Vice-Marshal Hugh Slatter. Ali m'manja mwa apolisi anasaina makalata ovomera mlandu. Koma atafika m'bwalo m'caka ca 1983 anakana, nanena kuti anabisidwa kutali ndi maloya ao, anamenyedwa, ndipo ena anazunzidwa ndi moto wa magetsi.

Mlanduwo unagwa m'manja mwa Bambo Dumbutshena. Oimbidwa mlandu anali anthu amene anatumikira Boma lomwe linacititsa kuti iwo akhale zaka zambiri kunja kwa dziko lao. Akadawapeza olakwa, ambiri akadaomba m'manja. Koma lamulo linena kuti mau ovomera mlandu alandiridwa pokha-pokha ngati munthu wawanena mwa kufuna kwace, cifukwa munthu womva ululu abvomera ngakhale cimene sanacite. Atamva umboni wonse, pa 31 Ogasiti 1983 woweruza anapeza kuti anthuwo anazunzidwadi ndi kumanidwa maloya, nataya makalata aja. Popanda makalatawo umboni wotsala sunali wokwanira, ndipo onse asanu ndi mmodzi anamasulidwa.

Cimwemwe cao sicinakhalitse. Tsiku lomwelo nduna ya za m'dziko, Dr. Herbert Ushewokunze, inalamula kuti agwidwenso, pogwiritsa nchito mphamvu za nthawi ya cipwirikiti zimene Boma latsopano linalandira kwa Boma la Smith. Anatulutsidwa pang'ono-pang'ono caka cisanathe. Bwalo silinathe kuletsa nduna, koma nduna nayonso sinathe kufafaniza ciweruzo.

Ngakhale zinali tero, m'caka ca 1984 Bambo Dumbutshena anakwezedwa kukhala mkulu wa oweruza onse a m'Zimbabwe. M'caka ca 1989 anaweruza mlandu wa Bambo Ian Smith mwini wace, amene Nyumba ya Malamulo inamlanda malipiro ace a uphungu. Bwalo linati malipirowo abwezedwe, popeza Nyumbayo ilibe mphamvu yolanga munthu mopitirira cimene lamulo lilola. Sipikala, Bambo Didymus Mutasa, anakana ciweruzoco poyera, koma oweruza sanabweze mau ao. Cotero munthu amene anakhalapo phungu ndiye anakumbutsa aphungu kuti iwonso ali pansi pa lamulo.

Anapuma pa nchito m'caka ca 1990, ali ndi zaka 70. M'caka ca 1993 anabwereranso ku ndale natsogolera Forum Party, koma pa masankho a 1995 cipanico sicinapeze mpando. Anamwalira pa 14 Disembala 2000.

Pa ndale Bambo Dumbutshena anagonja kawiri. Dzina lao likumbukika cifukwa ca bwalo la milandu. Ena anadandaula kuti ciweruzo ca Thornhill cinapulumutsa Azungu. Koma lamulo loletsa kufinya munthu kuti abvomere mlandu silifunsa khungu, ndipo amene alisowa kwambiri ndiye mnyamata wa ku Mbare kapena ku Highfield, wogwidwa usiku, wopanda ndalama za loya ndi wopanda dziko la kunja lomlankhulira. Akulu anati, mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako.