Kampira ka mtovu ka m'mbali mwa Zambezi



Lolemba lapitali mwana wina wa m'kalasi mwanga anabwera ndi kanthu kozungulira ngati nsawawa, kotuwa, koma kolemera modabwitsa. Anakatola pamchenga, madzi a Zambezi ataphwerako, kumunsi kwa linga lakale la São Tiago Maior. Anati bambo wina woyenda ndi makina ofufuzira zitsulo pansi amafuna kukagula. Ndinamufunsa kuti, "Kodi ukudziwa chimene ukugulitsacho?" Anapukusa mutu.

Inenso sindinathamangire m'mabuku. Tinakaonetsa agogo ena oyandikana ndi sukulu. Atakayeza m'dzanja ndi kukakanda ndi chikhadabo, anati, "Uwu ndi mtovu. Ndi chipolopolo cha gogodela." Anawo anali asanamvepo mawu amenewa. Gogodela ndi mfuti yakale yomwe ankathira onga kukamwa kwake, n'kuikamo chipolopolo chozungulira, n'kutsendera ndi kamtengo. Mawu amodzi a chilankhulo chathu anatitsegulira mbiri yonse.

Chipolopolo chotere sichodabwitsa kuno. Amalonda a Chiswahili ankafika kale pa Tete kudzagula golide ndi minyanga Apwitikizi asanakhazikike cha m'ma 1531. Pambuyo pake Achikunda, asilikali a eni minda ikuluikulu ya m'chigwachi, ankayenda ndi mfuti zoterezi posaka njovu ndi pogwira akapolo. Kumunsi kwathu, pomwe Luenha amathira mu Zambezi, panali linga la Massangano, pomwe Bonga anagonjetsa magulu ankhondo a Apwitikizi pakati pa 1867 ndi 1869. Lacerda ananyamukira pano mu 1798 kupita kwa Kazembe, ndipo David Livingstone anafika pano mu 1856. Onsewa ankadalira mtsinjewu, ndipo zimene ankagwetsa zinatsala m'matope.

Nanga n'chifukwa chiyani ndinaletsa mwanayo kugulitsa? Ndi chifukwa cha Ingombe Ilede, malo a ku Zambia pafupi ndi Zambezi yemweyu. Mu 1960 anthu okumba maziko a thanki ya madzi anapeza manda akale. Akatswiri ataitanidwa, anapezamo mikanda ya golide ndi mipiringidzo ya mkuwa yooneka ngati mtanda. Poti anaona chilichonse pamalo pomwe chinagona, anatha kulongosola malonda amene ankachitika m'chigwachi zaka mazana angapo zapitazo. Akanazigulitsa okumbawo, bwenzi lero tilibe chophunzitsa. Chinthu chakale chikachoka pamalo ake popanda wolemba, chimasanduka chitsulo wamba.

Ndiye ana athu tiwaphunzitse izi. Mkuwa ukakhalitsa umabiriwira, chitsulo chimachita dzimbiri lofiira, mtovu umatuwa ndipo ndi wofewa. Asapale kapena kukwecha ndi mchenga. Ajambule chinthucho pomwe chili, akumbukire malowo, auze wamkulu. Lamulo la nambala 10/88, la mu 1988, limateteza zinthu zakale zotere, ndipo zopezeka ziyenera kukanenedwa kwa akuluakulu a boma oona za chikhalidwe.

Chofunika koposa ndi ichi: chitsulo china chimapha. Chigawo chino chinaona nkhondo ya ufulu kuyambira 1968, kenako nkhondo ina yomwe inatha mu 1992. Chilichonse chosongoka, chokhala ndi zipsepse kumbuyo kapena chooneka ngati chitini chotsekedwa, mwana asachikhudze. Achokepo, auze wamkulu, wamkuluyo auze apolisi.

Kampira kathu takalembera tsiku ndi malo, m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi, ndipo tikakapereka kwa oyenera. Anawo ndawatuma akafunse agogo awo mayina a zida zakale, m'Chinyungwe kapena m'Chichewa, tipange kabuku kathu. Mawu ngati onga ndi gogodela akatha ndi agogowa, adzatiuze ndani zimene mtsinje ukutibwezera?

Kodi kwanuko gogodela mumaitchula bwanji? Tilembereni pansipa.