Nthondo ndi anzake: kumene anachokera mabuku amene anatilera

Sabata yatha ndinakumana ndi mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Fomu 2 kalekale. Ndikuti mnyamata mwa chizolowezi chabe, lero ndi bambo wa ana atatu. Anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, mwana wanga woyamba wayamba sekondale, ndimugulire mabuku ati a Chichewa?" Ndinayamba kutchula mmene ankabwerera m'mutu: Nthondo, Sikusinja ndi Gwenembe, Kukula ndi Mwambo, Kokha Mcheperawakalulu, Njala Bwana. Nditafika kunyumba ndinakhala ndikuganiza kuti mabuku amenewa ali ndi mbiri yawo imene ife aphunzitsi sitiifotokoza m'kalasi. Timangothamangira kuti mtengambali wamkulu ndani, phunziro la nkhaniyi n'lotani, basi belu lalira.

Tiyambe ndi Nthondo, poti ndiye mkulu wa onse. Analemba ndi a Samuel Josia Nthara, amene anabadwa mu 1905 ndipo anali mphunzitsi pansi pa mishoni ya ku Nkhoma. Masiku amenewo ku London kunali bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, lomwe linkachititsa mipikisano yolemba m'ziyankhulo za mu Africa. A Nthara anatumizako nkhani yawo ndipo inapata mphotho. Buku linatuluka m'Chinyanja mu 1933. Chaka chotsatira, mu 1934, a Thomas Cullen Young, amene anakhalapo mmishonale ku Livingstonia, analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa, ndipo mawu oyamba analemba ndi Julian Huxley, katswiri wa sayansi wotchuka ku Mangalande. A Young omwewa ndi amene anadzagwira ntchito limodzi ndi Dr Hastings Banda pokonza buku la Our African Way of Life la mu 1946.

Ana anga m'kalasi ndimakonda kuwawerengetsa zaka. Things Fall Apart ya Chinua Achebe inatuluka mu 1958. Chotsanipo 1933. Zaka 25! Ndiye kuti pamene Achebe anali mwana wa zaka zitatu, mphunzitsi wa kwathu konkuno anali atalemba kale moyo wa munthu wa kumudzi kuyambira kubadwa mpaka kukula, m'chiyankhulo chake chomwe. Ana amayamba akayika, amaganiza kuti ndalakwitsa samu.

Chimene chimandikoka mu Nthondo n'chakuti mwanayo si wabwino ayi. Bambo ake atamwalira amakula movuta, amaba, amanama, amathawa milandu, kenaka amapita kunja kukafuna ntchito monga ankachitira anyamata ambiri a nthawi imeneyo. Pobwera amadzalowa ufumu, ndipo kumapeto amatembenuka mtima n'kukhala Mkhristu. Ndinene maganizo anga, ena mutsutse: pakati pa bukuli ndiye pali moyo. Pamenepo a Nthara akulemba zimene anaziona ndi maso, za pamaliro, za pabwalo la milandu, za njala ya paulendo. Mathero aja amandimvekera ngati munthu amene wakumbukira mwadzidzidzi kuti abusa akumvetsera. Sindikunena kuti a Nthara sankakhulupirira zimene analemba, anali munthu wa mpingo ndithu. Koma tisaiwale kuti makina osindikizira anali m'manja mwa amishoni, sukulu zinali za amishoni, ogula mabuku analinso amishoni omwewo. Nkhani ya wakuba wosalapa ikanadutsira pati?

Khomo lachiwiri linatseguka mu 1948, pamene maboma a Northern Rhodesia ndi Nyasaland anakhazikitsa ofesi imodzi yoona zosindikiza mabuku, likulu lake ku Lusaka. Chifukwa cha ofesi imeneyi mwana wa ku Fort Jameson, komwe lero ndi Chipata, ndi mwana wa ku Dedza ankatha kuwerenga buku limodzi. Mabuku a nthawi imeneyo mumawadziwira kalembedwe: pamene ife timalemba "ch" iwo ankalemba "c" yekha, monga amachitirabe anzathu a ku Zambia. A E.W. Chafulumira, olemba Kazitape ndi Mbiri ya Amang'anja, ndi a m'badwo umenewu. Timabuku take tinali tating'ono, totsika mtengo, tolowa m'thumba la kabudula, ndipo pafupifupi tonse tinali ndi malangizo kumapeto, chifukwa msika wake unali sukulu.

Titalandira ufulu mu 1964 kunabwera mabuku amene ambiri a ife tinakula nawo. A John Gwengwe anatulutsa Kukula ndi Mwambo komanso Sikusinja ndi Gwenembe, a E.J. Chadza analemba Kokha Mcheperawakalulu. Sikusinja ndi Gwenembe ndi nthano ya makolo, ya munthu wopha mbale wake chifukwa cha chuma ndi kambalame kokana kusunga chinsinsi. Ine ndinaimva koyamba kwa agogo anga aakazi tikuwotha moto, ndisanadziwe n'komwe kuti ili m'buku. Tsiku limene ndinaipeza yosindikizidwa ndinathamanga nayo kunyumba kukawawerengera. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anangoti wolembayo wayesetsa koma kambalameko sakukaimbitsa bwino. Mpaka lero ndikaliphunzitsa bukuli ndimayamba ndafunsa ngati alipo amene anaimvapo kwawo, ndipo chaka ndi chaka manja okwezedwa akucheperachepera.

Chaka cha 1968 chinabweretsa zinthu ziwiri. Msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha dziko lonse. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa lamulo lounika mabuku ndi zisudzo zisanafike kwa anthu. Mu 1972 kunadza Chichewa Board, yoyang'anira kalembedwe ndi kayankhulidwe. Tsono Chichewa chinapeza owerenga ochuluka kuposa kale, popeza mwana aliyense kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa ankachiphunzira kusukulu. Anzathu a kumpoto ali ndi mbali yawo ya nkhaniyi, chifukwa Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'masukulu, ndipo mabuku a ana awo anazilala nthawi yomweyo. Olemba Chichewa nawo ankalemba akuyang'ana kumbuyo. N'chifukwa chake mabuku ambiri a zaka za m'ma 1970 ndi 1980 amakamba za chikondi, za banja, za mnyamata wosokonekera m'tauni, koma za boma ayi.

Ngakhale zinali choncho, m'zaka zimenezi ndi mmene tinawerenga kwambiri. Popular Publications ya ku Limbe ndi Dzuka zinatulutsa mabuku a anthu monga a Willie Zingani ndi a Jolly Max Ntaba. Njala Bwana, Madzi Akatayika, Mtima Sukhuta, Ikakuona Litsiro Sikata: awa tinkabwerekana ku hositelo, buku limodzi kuzungulira chipinda chonse mpaka chikuto kuthothoka. Palibe amene ankatikakamiza. Wina akachedwa nalo tinkamuopseza kuti timuuza mathero.

Lero Chichewa Board kulibe, ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies mu 1996, ndipo wolemba saopanso monga kale. Koma mwana wa Fomu 4 amamudziwa Nthondo kudzera m'manotsi a masamba asanu. Pasukulu ina imene ndinaphunzitsapo mabuku ochepa amene tinali nawo ankakhala m'kabati yokiya, poopa kuti ana awang'amba. Anatetezekadi, mpaka chiswe chinawapeza. Mlandu umenewu nanenso ukundikhudza, chifukwa kiyi ankakhala m'thumba mwanga.

Bambo wa ana atatu uja ndinamuuza kuti ayambe ndi Sikusinja ndi Gwenembe, ndipo amuwerengere mwanayo mokweza madzulo ena, asangomuponyera. Nthondo ndamubwereka langa, lija lopanda chikuto limene ena mwa inu mukulikumbuka, lomata ndi selotepi pamsana. Tapangana kuti libwere teremu ikatha, ndipo mwanayo adzandiuze yekha ngati mathero aja amukhutiritsa.