Mbiri ya Zilonda Zosamva Mankhwala

Awerengi athu amene anakhalapo kuno ku Mua, kapena anayenda m'midzi ya pakati pa Golomoti ndi Mtakataka, adziwa kuti dziko lathu lino la kunsi kwa mapiri ndi lotentha, la madambo ndi mitengo ya minga, ndi kuti mlimi wa kuno salekana ndi zilonda. Munga umlasa paphazi pochokera ku dimba, udzu wofolera umcheka padzanja, nkhuni imbaya pomanga mtolo. Ndipo zilonda zotere zambiri zipola zokha asanathe masabata awiri. Koma zilipo zina zimene sizipola. Ziyamba ngati kachotupa kosawawa, zikula pang'onopang'ono, zitha chaka, zilowa chachiwiri, ndipo mwini wake atha ndalama pa mafuta odzola ndi makapisozi a pa msika, osaona kusintha. Mwezi uno tifuna kulongosola mbiri ya zilonda zimenezi: umo anthu anadziwira chimene chizibweretsa, ndi umo mankhwala ake anapezekera.

Mantha a khate

Ansembe a White Fathers anafika pa Mua m'chaka cha 1902, ndipo m'chaka cha 1927 panatsegulidwa malo osungirako ndi kuchiritsirako anthu odwala khate. Masiku amenewo mankhwala a khate anali mafuta a mtengo wa ku India wotchedwa chaulmoogra, amene ankabaya nawo odwala. Kubayako kunali kowawa, ndipo ochira anali owerengeka. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 kunadza mankhwala a dapsone, ndimo m'chaka cha 1981 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linalangiza kuti odwala azimwa mankhwala awiri kapena atatu pamodzi. Pofika 1994 khate linali litachepa ndithu m'Malawi, ndipo lero wodwala amwa mankhwala ake ali kwao, pakati pa abale ake.

Tayamba ndi khate chifukwa mantha ake anaphimba nthenda zina zonse za pakhungu. Munthu akaona banga losatha pathupi pake, kapena chotupa chokhalitsa paphazi, mtima unkathamangira ku khate, ndipo ankabisa ndi nsalu kuopa kusalidwa. Ena ankati waponda mankhwala oipa amene adani anamtchera panjira. Koma khate lidza ndi kachilombo ka mtundu wa bakiteriya, kamene Gerhard Armauer Hansen anakaona ku Norway m'chaka cha 1873. Pamene zilonda zimene tinena pano zidza ndi chamoyo china, mbale wake wa bowa ndi wa chuku chimene chimera pa chimanga chosauma bwino. Madotolo atcha zamoyozi mafangasi. Mankhwala a khate alibe mphamvu pa mafangasi, monga momwe mbedza ya nsomba singagwire mbewa.

Mdani adziwika

Mafangasi ena akhala pamwamba pa khungu pokha. Amenewa tiwadziwa tonse, pakuti ndiwo abweretsa chipere m'mitu ya ana a sukulu, ndi zikanga pakhosi ndi pamsana pa akulu. M'chaka cha 1839 dotolo wa Chijeremani, Johann Lukas Schönlein, anayang'ana nkhanambo ya m'mutu pa galasi lokulitsa zinthu, naona timizu ta fangasi mmenemo. Ndipo patapita zaka zochepa David Gruby anaona zofanana nazo mu chipere ku Paris. Apo ndipo anthu ophunzira anayamba kuvomera kuti kanthu kosaoneka ndi maso kangathe kumera pa munthu monga kamera pa mtengo woola.

Koma alipo mafangasi ena amene kwao ndi m'dothi, m'udzu ndi pa minga. Iwo sangathe kuboola khungu labwino. Ayembekeza kuti munga kapena kachitsotso kawatsegulire khomo, ndipo akalowa akhazikika pansi pa khungu, m'mnofu, nthawi zina mpaka m'fupa. M'chaka cha 1842 John Gill, dotolo wa ku Madurai m'dziko la India, analemba za alimi amene mapazi awo anatupa nabooka timabowo tambiri totuluka mafinya. Henry Vandyke Carter anaona kuti m'mafinya a nthenda imeneyi muli tinjere tating'ono, tina takuda, ndipo m'chaka cha 1860 anaitcha mycetoma. M'chaka cha 1898 Benjamin Schenck, ku chipatala cha Johns Hopkins ku America, anapeza fangasi wina amene nthenda yake itchedwa sporotrichosis. Iyi iyamba ndi kachilonda pa chala kapena padzanja, ndimo timaundu tina tituluka motsatizana kukwera ndi mkono, monga mikanda ya pa chingwe. Ilipo yachitatu, chromoblastomycosis, imene imera pamwendo ngati njerewere zokhakhala zounjikana, ndipo ipezeka kwambiri pa chisumbu cha Madagascar. Nthenda zitatuzi zikonda maiko otentha, ndi anthu olima opanda nsapato.

Za ku migodi ya ku Joni

Mliri waukulu wa sporotrichosis umene mabuku a madotolo aukumbuka kufikira lero unachitika kumalo kumene amuna ambiri a dziko lino anakhetsa thukuta lawo, ndiko ku migodi ya golide ya Witwatersrand, pafupi ndi Johannesburg. Zaka zimenezo anthu a Nyasaland anali ambiri m'migodi ya kumeneko, ena olembedwa ndi Wenela, ena opita okha. Pansi pa mgodi ndi potentha ndi pachinyontho, ndipo denga la miyala lichirikizidwa ndi mizati ya mitengo. Pa mitengo imeneyi fangasi anamera bwino lomwe. Anthu onyamula mitengoyo, kapena okhulana nayo m'njira zopapatiza, ankadzikanda m'manja, m'mapewa ndi m'miyendo, ndipo fangasi ankalowera m'mabalamo. Pakati pa 1941 ndi 1944 anthu pafupifupi 3,000 anadwala.

Madotolo a migodi anachita zinthu ziwiri. Choyamba, anapatsa odwala mankhwala otchedwa potassium iodide, amene madotolo a ku France anayamba kuchiritsa nawo nthendayi m'chaka cha 1903. Awa ndi madontho owawa amene munthu amwa m'madzi kapena mumkaka katatu pa tsiku, akuonjezera pang'onopang'ono. Achititsa malovu kuchuluka ndi maso kutuluka misozi, koma munthu akapirira masabata ambiri, zilonda ziuma. Chachiwiri, anafunafuna gwero la nthenda, ndipo ataipeza pa mizati, anayamba kuthira mitengo mankhwala opha mafangasi. Pamenepo mliri unatha. Taonani, abale, kuti chimene chinapulumutsa anthu aja ndicho kudziwa dzina la mdani ndi malo amene akhala.

Mankhwala akumwa

Chovuta pa mafangasi ndi ichi: thupi lake lifanana ndi lathu koposa umo bakiteriya afanana nafe, kotero kuti mankhwala amene apha fangasi kawirikawiri apweteka ndi munthu yemwe. Chifukwa chake penicillin, amene anachiritsa chindoko ndi zilonda zambiri za mafinya kuyambira zaka za m'ma 1940, sanathandize konse pa nthenda izi. Ngakhale chipere cha m'mutu chinali chovuta, pakuti mafuta odzola safika ku mizu ya tsitsi. Ndipo m'zipatala za ku Ulaya ankathothola tsitsi la ana ndi kuwala kwa X-ray, njira imene pambuyo pake inaoneka kuti ndi yoopsa.

M'chaka cha 1939 anthu ophunzira ku London anatulutsa mankhwala otchedwa griseofulvin kuchokera mu chuku cha mtundu wina, koma anakhala zaka zambiri osadziwika kuti angachiritse munthu. M'chaka cha 1958 James Gentles wa ku Glasgow anamwetsa mankhwalawo mbira zodwala chipere, ndipo zinachira. Posachedwa anayamba kupatsa anthu. Griseofulvin ayenda ndi magazi nakhazikika m'khungu ndi m'tsitsi latsopano, kotero kuti fangasi asowa pomera. Ndicho chifukwa mwana wa chipere cha m'mutu ayenera kumwa masabata 6 kapena 8, kufikira tsitsi lodwala litatha.

Koma griseofulvin sagwira mafangasi a m'kati mwa mnofu. A amenewa kunadza amphotericin B, amene anapezeka m'zaka za m'ma 1950 mu kachilombo ka m'dothi la ku mtsinje wa Orinoco ku Venezuela. Ndi mankhwala amphamvu, olowetsa m'mitsempha, koma alemetsa impso ndi kunjenjemeretsa wodwala. Cha m'ma 1980 kunabwera ketoconazole wakumwa, amene pambuyo pake anapezeka kuti aononga chiwindi cha ena, ndipo m'chaka cha 2013 maiko a ku Ulaya ndi America anachepetsa kwambiri kumwedwa kwake. Amene anatsatira, itraconazole ndi terbinafine, ndiwo madotolo adalira lero pa zilonda zozama. M'chaka cha 2016 WHO inaika mycetoma m'gulu la nthenda za maiko otentha zimene zinanyalanyazidwa, ndipo m'chaka cha 2017 inaonjezapo chromoblastomycosis ndi mafangasi ena ozama. Kumeneko kunali kuvomera kuti nthenda za alimi osauka zinaiwalika nthawi yaitali.

Chimene mbiriyi itiphunzitsa

Choyamba, chilonda chokhalitsa chiyenera kudziwika dzina lake munthu asanayambe mankhwala. Mycetoma yeniyeniyo ili mitundu iwiri yooneka mofanana, wina wa fangasi, wina wa bakiteriya, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Maso okha sangathe kulekanitsa. Afunika kutenga mafinya, tinjere kapena kachidutswa ka khungu kukapima. Pomweponso dotolo aona ngati ndi khate, chifuwa chachikulu cha pakhungu, kapena khansa, pakuti zonsezi nthawi zina zifanana.

Chachiwiri, tichenjere ndi mafuta ogula pa msika, makamaka oyeretsa khungu ndi oletsa kuyabwa, amene ambiri muli mankhwala a steroid. Munthu akadzola, kufiira ndi kuyabwa kuleka, ndipo ayesa kuti wachira. Koma mafutawo afooketsa khungu, ndipo fangasi atsika ndi mizu ya ubweya kulowa pansi. Dotolo wa ku Italy, Domenico Majocchi, analongosola chipere chozama chotere kale m'chaka cha 1883, ndipo chikafika pamenepo chifuna mankhwala akumwa. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, mankhwala a mafangasi ozama afuna kupirira. Wodwala sporotrichosis ya pakhungu amwa itraconazole miyezi 3 kufikira 6. Wa chromoblastomycosis amwa miyezi 6, kapena chaka, kapena kupitirira. Wa mycetoma ya fangasi amwa pafupifupi chaka, ndipo kawirikawiri afunikanso kuchitidwa opaleshoni yochotsa chotupacho. Tidziwa kuti kwa mlimi wa ku Golomoti ulendo wa ku chipatala mwezi ndi mwezi utanthauza ndalama ya njinga ndi tsiku lotayika kumunda, ndipo chilonda chikayamba kuuma pamwamba, mtima unena kuti basi, zakwana. Koma fangasi wotsala pansi adzukanso, ndipo pobwerera avuta koposa poyamba. Iye amene achedwa zaka zambiri angathe kutaya phazi lonse, pamene wofulumira akadalisunga.

Pomwa mankhwalawa, wodwala auze dotolo mankhwala ena onse amene amwa. Rifampicin, amene ali m'mankhwala a chifuwa chachikulu ndi a khate omwe, achepetsa mphamvu ya itraconazole, ndipo ena mwa ma ARV achita chimodzimodzi. Makapisozi a itraconazole amwedwa pamodzi ndi chakudya. Mayi woyembekezera asamwe popanda dotolo kudziwa. Maso akasanduka achikasu, kapena mkodzo ukada, munthu abwerere ku chipatala msanga, pakuti ndicho chizindikiro cha chiwindi.

Makolo athu a ku Mua anaona odwala khate akubayidwa mafuta owawa zaka ndi zaka popanda lonjezo la kuchira, ndipo ana awo anaona nthendayo ikugonja. Ife tili ndi mwayi umene iwo analibe, pakuti mankhwala a mafangasi ozama alipo ndipo agwira nchito. Tsono tivale nsapato polima ndi podula mitengo ya minga, titsuke bala ndi sopo tsiku lomwelo, ndipo chilonda chikatha mwezi osapola, tisachibise pansi pa nsalu, koma tipite nacho ku chipatala. Amene ali ndi mbale wakumwa mankhwala a miyezi yambiri amkumbutse tsiku ndi tsiku, namperekeze pa tsiku lake lokatenga ena, kufikira dotolo yekha atanena kuti aleke. Kuona maso a nkhono n'kudekha.