M'mene Apanjinga Anapezera Malo Pamseu

Kwathu kuno njinga ndi chiwiya cha ntchito. Imanyamula thumba la chimanga kunka nalo kuchigayo, imasenza makala ndi nkhuni, ndipo matenda akagwa usiku ndiyo imathamangitsa wodwala kuchipatala. Chifukwa cha ichi ambiri a ife timazizwa tikaona alendo ochokera kutali alikupalasa njinga mumseu wa kunyanja, zikwama zili lende m'mbali mwa magudumu, osagulitsa kanthu, osanka kumaliro, osathawa munthu. Ukawafunsa amati angofuna kuona dziko. Mwambo umenewu uli ndi chiyambi chake. Unakhwimira ku Britain zaka pafupifupi 150 zapitazo, ndipo m'mbiri yake muli mlandu waukulu, wakuti kodi mseu ngwa yani.

Kale ku England anthu a paulendo ankayenda pangolo zokokedwa ndi akavalo, ndipo m'mbali mwa miseu munali nyumba zambiri za alendo, kumene ankadya ndi kugona. M'chaka cha 1830 inatsegulidwa njanji ya pakati pa Liverpool ndi Manchester, ndipo posakhalitsa njanji zinafalikira m'dziko lonselo. Anthu anathamangira sitima, ngolo zija zinaleka kuyenda, miseu ya kumidzi inakumbika popanda woisamala, ndipo eni nyumba za alendo anakhala manja ali m'khosi. Mseu unasanduka wa alimi ndi ng'ombe zao.

Amene anabwerera m'miseu imeneyi anali anyamata a njinga, m'zaka za m'ma 1870. Koma njinga yao siinali ngati iyi tiidziwa ife ai. Gudumu la patsogolo linali lalikulu, lina lofika mafiti asanu, ndipo la pambuyo linali kakang'ono. Unyolo panalibe, zopalasira zinali pagudumu lalikulu lomwelo, ndipo wokwera ankakhala pamwamba pake ngati mbalame pamtengo. Pambuyo pake Angerezi anaitcha "penny-farthing," poifanizira ndi ndalama ya kobiri yotsatidwa ndi kandalama kakang'ono. Gudumu likangogunda mwala, munthu ankagwa chamutu. Tsono inali njinga ya anyamata olimba mtima, ndiponso a ndalama, pakuti mtengo wake unali woposa malipiro a miyezi ingapo a munthu wa m'fakitale.

Anyamatawa sanalandiridwe bwino. Akavalo ankadzidzimuka poona chinthu chachilendocho, ndipo oyendetsa ngolo ena ankakana kupatuka, ena nkukwapula wa panjinga ndi chikoti. Mzinda uli wonse unali ndi malamulo akeake a njinga, kotero kuti chololedwa pano chinali mlandu kutsidya la mtsinje. Wa paulendo sankadziwa kumene akagone, kapena mtengo umene akamlipitse.

Pa 5 August 1878, m'mzinda wa Harrogate, mnyamata wina wophunzira udokotala, dzina lake Stanley Cotterell, pamodzi ndi anzake anakhazikitsa bungwe lotchedwa Bicycle Touring Club. M'chaka cha 1883 dzinali linasintha nkukhala Cyclists' Touring Club, kapena mwachidule CTC. Bungweli silinali la mipikisano, koma la anthu ofuna kuyenda mwa kufatsa ndi kuona midzi. Ntchito yake inali ya nzeru ndithu. M'mizinda yambiri linasankha munthu wodziwa bwino malowo, woti mlendo wa panjinga amfunse njira, ndi kumene kuli mmisiri wokonza njinga. Linapangana mitengo ndi eni nyumba za alendo, nililemba maina ao m'buku limene membala ankayenda nalo m'thumba. Pakhoma la nyumba zotero ankakhomapo chizindikiro cha chitsulo, cha gudumu lokhala ndi mapiko atatu, ndipo zina mwa izi zikalipo m'midzi ya ku England kufikira lero. Pamwamba pa mitsetse yoopsa apanjinga anaika zikwangwani zochenjeza, galimoto lisanayambe nkomwe kuyenda m'miseuyo.

Taonani tsono chinthu chimene ambiri amachiiwala. M'chaka cha 1886 bungweli, mothandizana ndi linzake la National Cyclists' Union, linayambitsa Roads Improvement Association, gulu lodandaulira boma kuti likonze miseu. Ankasindikiza timabuku tophunzitsa oyang'anira miseu kakonzedwe kake koyenera. Munthu wa pagalimoto akamaimbira hutala wa panjinga ngati mlendo wosaitanidwa, sadziwa kuti woyamba kulirira mseu wosalalawo anali wa panjinga yemweyo.

Mlandu wa mseu unagamulidwa m'chaka cha 1888. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lotchedwa Local Government Act, ndipo ndime ina ya lamuloli inanena kuti njinga iwerengedwe ngati ngolo, yokhala ndi ufulu wofanana pamseu. Timalamulo tosiyanasiyana ta mizinda tija tinafafanizidwa. Koma ufuluwo unadza ndi udindo: wa panjinga ayatse nyali usiku, ndipo achenjeze ndi belu kapena wezulo pofuna kupitirira munthu kapena ngolo.

Pa nthawi yomweyo njinga yeniyeniyo inasintha. M'chaka cha 1885 John Kemp Starley wa ku Coventry anatulutsa njinga yotchedwa Rover, yoyenda ndi unyolo wokoka gudumu la pambuyo, ndipo wokwera ankakhala pafupi ndi pansi. Imeneyi ndiyo kholo la njinga zathu zonse. Kenaka John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto wokhala ku Belfast, anamangira mwana wake matayala opopa mpweya pa kanjinga kake ka magudumu atatu, ndipo m'chaka cha 1888 analembetsa nzeruyo kuboma. Kuyambira pamenepo nkhalamba, mkazi ndi munthu wamantha onse anatha kukwera. Pofika 1899 mamembala a CTC anapitirira 60,000.

Akazi anakomana ndi vuto lina. Siketi zazitali za masiku amenewo zinkakodwa muunyolo, motero ena anayamba kuvala mabuluku otakasuka omanga m'mawondo. Mu October 1898 mai wina wolemekezeka, Lady Harberton, anafika pa Hautboy Hotel m'mudzi wa Ockham atavala chotero. Mwini nyumbayo, amenenso anali mkazi, anakana kumlowetsa m'chipinda chodyera, namsonyeza chipinda cha omwa mowa. CTC inatengera nkhaniyi kubwalo la milandu m'chaka cha 1899, koma inagonja, pakuti bwalo linaona kuti mlendoyo sanamanidwe chakudya. Ine ndiyesa kuti chigamulocho chinali cholondola m'mau, koma chokhota m'chilungamo. Komabe akazi sanatsike panjinga.

Anthu a m'fakitale ndiwo anapindula koposa. Iwo ankagwira ntchito mu utsi sabata lonse, ambiri osadziwa midzi ya mailosi makumi awiri kuchokera pakhomo pao. Njinga zitatsika mtengo, makamaka zogula kwa wina, ankanyamuka Loweruka masana kapena Lamulungu m'mamawa m'magulumagulu, mkate uli m'thumba, kukapuma mpweya wa kumunda. M'chaka cha 1894 ku Birmingham Tom Groom ndi anzake anayambitsa Clarion Cycling Club, gulu la antchito limene pa maulendo ake linkagawanso nyuzipepala ndi timapepala tonena za ufulu wa antchito.

Galimoto litafika, anthu a ndalama anasiya njinga, ndipo chiwerengero cha mamembala a CTC chinatsika kwambiri. M'chaka cha 1906 atsogoleri ake anapempha bwalo lalikulu kuti liwalole kulandira ndi apagalimoto omwe, koma woweruza anakana, poona kuti bungwe lokhazikitsidwa kuti liteteze apanjinga silingatumikire mbali zonse ziwiri. Kukana kumeneko kunalisunga bungweli. Likalipo, ndipo kuyambira 2016 limatchedwa Cycling UK.

Chimene chinatsitsimutsa maulendowa chinali malo ogona otsika mtengo. Mphunzitsi wina wa ku Germany, Richard Schirrmann (ife aphunzitsi tisalephere kunyadira pang'ono), ankayenda ndi ana a sukulu m'midzi nasowa kowagoneka. M'chaka cha 1912 anatsegula nyumba yogona achinyamata m'linga lakale la ku Altena. Nzeruyi inaoloka nyanja, ndipo mu 1930 ku England ndi Wales kunayambika Youth Hostels Association. Mlendo ankalipira shileni imodzi pa usiku, nkudziphikira yekha, ndipo m'mawa ankasesa kapena kugwira kantchito kena asananyamuke. Lamulo la 1938 lolimbikitsa kuti antchito azilandira malipiro ali patchuthi linaonjezera ena ambiri pamseu.

Magalimoto atachuluka nkhondo yachiwiri itatha, miseu ikuluikulu inaopsanso, ndipo apanjinga anayamba kufuna njira zaozao. Pa nthawiyo njanji zambiri za kumidzi zinali zitatsekedwa chifukwa chosowa okwera. M'chaka cha 1979 anthu odzipereka anayamba kulambula njanji yakufa ya pakati pa Bristol ndi Bath, naisandutsa njira ya apanjinga ndi apansi ya mailosi 13. Anaimaliza mu 1986.